Bambo a Mwana Apezeka Kuseri kwa Makina

3 Malichi

Okondedwa achemwali,

Muli bwanji kumeneko pamodzi ndi mwana wathu Ntchembere? Ine kuno ndili bwino, kupatula msana womwe uja. Moni wautali ndidzapereka m'kalata ina, lero ayi. Khalani pansi kaye. Ngati muli pa makina osokera chotsani phazi, mungadzisoke chala.

Ndawaona a Mluzu! Ndawaona ndi maso angawa, bambo a mwana wanu, amene takhala tikuwafunafuna zaka zisanu ndi zitatu!

Zinayenda chonchi. Mukudziwa kuti kuhotela kuno ndimagwira m'chipinda chochapira, pansi penipeni, mopanda zenera. Lachiwiri makina aakulu oumitsira zovala anayamba kulira ngati mbuzi, kenako anangoti zii. Kapitawo anaitana okonza. Ine ndinali pa tebulo langa kupinda nsalu zapabedi, osalabadira. Posakhalitsa ndinamva mluzu kuseri kwa makinawo. Achemwali, mluzu uja! Uja wokwera kumapeto ngati munthu akufunsa funso, umene unkatidziwitsa kuti afika pakhomo.

Ndinazungulira monyang'ama. Ndinapeza munthu atagwada, mutu uli m'makina, atavala ovololo yabuluu. Ndinati, "Alamu, mwaswera bwanji?"

Mutu unagunda chitsulo, khoo! Atautulutsa ndinaona kuti pamwamba ponse pali dazi. Anandiyang'ana n'kuyamba kulankhula chilankhulo chakuno, ati sakundimva. Ine ndinati, "Palibe kanthu. Ndimangofuna kukuuzani kuti mwana uja munamusiya akugweluka mano tsopano ali ndi zaka khumi ndi zinayi." Sipanala inagwa pansi. Anayankha m'chilankhulo chathu chenicheni, "Mlamu, chonde tsitsani mawu."

Anamaliza ntchito mwachangu, n'kuthamangira kugalimoto. Koma ine si mwana. Dzina la kampani ndi nambala ya foni zinali pa chitseko cha galimotoyo, ndinazilemba pa mkono ndi bolopeni. Mkonowo sunakhudze madzi mpaka nditafika kunyumba.

Aja ankati anamwalira, aja ankati ali kundende, onse ndi abodza. Ali moyo, anenepa, ali pa ntchito. Ndiuzeni chochita. Kalatayi ndapatsira adalaivala a basi monga mwa nthawi zonse. Pafoni nkhani yotere sindingaithe, mayunitsi angathere pa "Mukundimva? Mukundimva?"

Ndine mng'ono wanu, amene mtima ukadagundabe.


12 Malichi

Mng'ono wanga wokondedwa,

Ife tili bwino, takondwa kumva kuti nawenso ukudzuka. Msanawo uziupaka mafuta aja.

Iwe mwana iwe! Kalata yako ndinawerenga nditaimirira pakhomo pa shopu, ndipo ndinakuwa mpaka mayi wogulitsa nsapato pafupi nane anathamanga kudzaona ngati ndapsa ndi nsimbi. Tsiku limenelo mkono wa malaya a kasitomala ndinausokera cham'mbuyo. Ndinaphwasula ndikuseka ndekha. Dazi! A Mluzu aja ankatha ola lathunthu pagalasi ndi chipeso!

Koma kuseka kutatha kunabwera mkwiyo. Munthu anachoka pano akuti miyezi isanu ndi umodzi yokha. Anatumiza kawiri, kenako anangomira ngati mwala m'chitsime. Mwana anadwala chikuku ndili ndekha. Denga linasasuka ndili ndekha. Ine kusoka mayunifolomu mpaka maso kuchita chidima, iwo ali uko akuimba mluzu.

Tsono imva mmene Mulungu amalumikizira zinthu. Sabata yomweyi aphunzitsi anandiitana. Ntchembere wakhoza mayeso olowera ku sekondale ya atsikana yogonera konko ija, wachitatu pa onse! Malo amusungira mpaka kumapeto kwa Juni. Ndikapanda kulipira teremu yoyamba, apatsa wina. Ndinatuluka mu ofesimo ndikumwetulira koma ndili ndi nkhawa, chifukwa makina angawa paokha sangakwanitse.

Ndiye usachedwe, paja Zengerezu adalinda kwawukwawu. Funsa kumene amayi amakadandaula kumeneko, kaya ndi kukhoti kaya ndi kuti, ukawasumire m'malo mwanga. Ndaikamo kalata ya kubadwa kwa mwana, dzina lawo lilipo, pamodzi ndi chithunzi chake. Usandimve molakwa, ine mwamuna sindikumufuna. Ndikufuna bambo asenze mbali yawo ya katundu.

Mwana sindinamuuze kanthu.

Ndine mkulu wako.


29 Malichi

Achemwali anga,

Moni nonse. Wachitatu pa onse! Ndinavina m'chipinda chochapira, kapitawo anayesa ndalumidwa ndi chinachake. Mundikumbatirire Ntchembere mpaka adandaule.

Tsopano nkhani yayamba kupindika. Ndinapeza ofesi yothandiza amayi ndi ana pa za malamulo, salipiritsa. Ili pamwamba pa sitolo ya matiresi, masitepe ake ndi opapatiza zedi. Anandilandira mayi wina wamfupi, magalasi ali pa nsonga ya mphuno, ine ndimangowatcha Amagalasi. Anawerenga mapepala onse, ndi kalata yanu yomwe, n'kunena kuti dandaulo lathu ndi lomveka.

Mawa lake a Mluzu anandidikirira pa geti lakuseri kwa hotela. Anagula zakumwa ziwiri, tinakhala pa benchi yodikirira basi. Nditawauza za dandaulo lathu anati, "Mlamu, ine pano ndaima ndi mwendo umodzi. Chilolezo changa chokhalira m'dziko muno chinatha. Ndinapempha china, chaka chachiwiri chino ndikudikira. Sanandikane, sanandivomere. Chimene ndili nacho ndi kapepala kosonyeza kuti pempho analandira, basi. Abwana anga amangotsinzina diso limodzi. Dzina langa likangomveka kukhoti, ndatha ine."

Ndinati, "Nanga zaka zinazo mapepala ali bwinobwino, dzanja linali litathyoka?" Kenako ndinawaonetsa chithunzi cha Ntchembere. Anachigwira nthawi yaitali, kenako ati, "Mphumi ndi ya amayi anga." Anapempha kuti achitenge. Ndinakana.

Ndinabwerera kwa Amagalasi kukafunsa ngati mantha awowo ali oona. Anayankha mosabisa. Ofesi yawo siitana anthu oona zolowa ndi kutuluka m'dziko, koma nkhani ikalowa m'mabuku a khoti iwo sangalonjeze kuti adzaiona ndani. Mwina palibe chingachitike, mwinanso angawakweze basi kuwabweza kwathu.

Andipatsa tsiku la 20 Epulo kuti ndikapereke fomu ya dandaulo. Ganizani bwino, mundiyankhe. Ndikapanda kumva kanthu ndidziwa kuti mawu anu ndi omwe aja oti ndisachedwe, ndipo ndipita.

Mng'ono wanu.


6 Epulo

Mng'ono wanga,

Moni wapachangu, adalaivala aliza kale hutala. USAPITE. Fomuyo usapereke.

Ndasinkhasinkha masiku atatu. Akawabweza apindula ndani? Adzafika kuno ndi kajumbo m'manja, ntchito palibe, n'kumadzakhala pa benchi ya pashopu panga kundiimbira mluzu. Fizi osaoneka, ine n'kuwonjezera pakamwa pena podyetsa. Ng'ombe ikakuponda suipha ukufunabe mkaka.

Komanso Ntchembere wadziwa. Anapeza kalata yako m'bokosi la mabatani. Sanalire. Anangoti, "Amayi, ndiye kuti sukulu yanga iwagwiritsa bambo?" Ndinati ayi. Iye ati, "Ngati zili choncho sindipita. Sindingawerenge nditasenza munthu pamutu." Wamva zimenezo? Si pachabe tinamutcha Ntchembere.

Lankhula nawo mwakachetechete, uwaopseze pang'ono ngati kungafunike, koma za khoti zisiye. Foni yanga inagwera m'ndowa Lamlungu, ili kwa okonza, ndiye dalira kalata yomweyi.

Mkulu wako.


21 Epulo

Achemwali,

Moni, ndikhulupirira nonse muli bwino ngakhale mwandimana nkhani. Zatheka! Fomu yalowa!

Ndinapita kudepoti kawiri kukafunsa kalata, kunalibe. Foni yanu ndinaimba katatu, ikungoti simukupezeka. Ndinati achemwali anga ndimawadziwa, akakhala chete ndiye kuti ananena kale. Dzulo ndinapempha theka la tsiku kuntchito, ndinavala diresi yobiriwira munandisokera ija, ndinakwera masitepe aja ngati nduna. Amagalasi anandifunsa, "Mwagwirizana ndi mkulu wanu?" Ndinati, "Kwambiri." Chidindo chinalira phaa! pa pepala, ine mumtima nthungululu.

Kalata yowaitana a Mluzu aitumiza kukampani kwawo. Tsiku lokumana ndi 23 Meyi, 9 koloko m'mawa. Potuluka ndinadzigulira ayisikilimu, ndinadyera pamsewu ngati mwana wasukulu. Yambani kuyeza Ntchembere yunifolomu!

Ndine mng'ono wanu, loya wosaphunzira.


2 Meyi

Achemwali,

Sindikudziwa poyambira. Kalata yanu ya pa 6 Epulo yandipeza lero. Basi inafera panjira, thumba la makalata linatsalira kugalaja milungu itatu. Adalaivala apepesa mpaka kuvula chipewa, koma kupepesa sikufufuta chidindo. Nditawerenga mawu akuti USAPITE ndinakhala pansi pa simenti pomwepo padepoti.

Choipa china ndi ichi: a Mluzu asowa. Makina aja anavutanso Lolemba, kunabwera munthu wina. Nditamufunsa anati a Mluzu atangolandira kalata ya chidindo anapempha tchuthi, ndipo kuchipinda kumene amachita lendi kuli loko. Foni yawo ndi yozimitsa.

Ndinathamangira kwa Amagalasi ndikulira, ndinati ndichotse dandaulo. Anandikhazika pansi, anandipatsa madzi. Ati, "Mayi, pumani kaye. Pa 23 si tsiku la khoti. Ndi tsiku lokhala pansi muno mu ofesi mwanga n'kukambirana. Mukagwirizana nkhani ithera pano, ndipo kukhoti siipita popanda mawu a mkulu wanu." Anati anandifotokozera zimenezi tsiku lija. Mwina ananenadi, koma ine makutu anali ku chidindo.

Ndiye ngozi yeniyeni palibe, koma mwini wake sakudziwa. Akuthawa mthunzi wake womwe, ndipo akapitiriza ntchito imuthera. Ndalakwa ine, achemwali. Mundikhululukire.

Mng'ono wanu.


11 Meyi

Mng'ono wanga,

Pukuta misozi. Unachita zimene ndinakutuma, yolakwa ndi basi. Ine ndikanakhala iwe ndikanadya ayisikilimu awiri.

Ntchembere ndamuuza zonse, chifukwa kumubisira n'kutaya nthawi. Masiku ano akudya pang'ono. Akaweruka amabwera kushopu n'kumandithandiza kusokerera mabatani. Dzulo anangofunsa kuti, "Kodi bambo ndi amantha chibadwire?" Ndinati, "Pa agalu ndi pa mavuto, inde." Anaseka pang'ono.

Ndalandira ntchito yosoka makatani a ofesi ina. Ikapanda kukwana ndigulitsa makina anga osokera aang'ono aja. Mwana ameneyu apita kusukulu, kaya bambo ake abwere kaya athawe.

Koma pa 23 upite ndithu. Ukakhale pampando ngakhale wekha, asadzanene kuti ife ndi amene sitinafike.

Mkulu wako.


23 Meyi

ACHEMWALI!

Moni, moni, moni! Ndikulemba ndisanavule ndi nsapato zomwe.

Ndinafika 9 koloko isanakwane. Tinakhala awiri ndi Amagalasi, wotchi ikuyenda. Hafu pasiti naini, palibe. Teni koloko, palibe. Amagalasi anayamba kusonkhanitsa mapepala. Kenako tinamva phokoso pa masitepe, gubudu, gubudu, ngati wina akukweza kabati. Chitseko chinatseguka. A Mluzu! Suti yobwereka, mapewa ake ofika uko, thukuta lili kamukamu, m'manja chisutikesi chachikulu chomanga ndi chingwe.

Anachiika pansi, anaima njo ngati msilikali, ati, "Ndabwera. Apolisi ali kuti?"

Amagalasi anavula magalasi. "Apolisi ati, bambo? Muno muli ine, mlamu wanu ndi ketulo."

Anayang'ana kuseri kwa chitseko. Anasuzumira pazenera. Atakhutira anakhala pa chisutikesi chija, manja kumaso. Sindinadziwe ngati akuseka kapena akulira, ndikuganiza zinali zonse ziwiri. Achemwali, munthuyu anabisala milungu inayi kwa mnzake womata matayala m'tauni ina. Kenako anabwerera, analongedza katundu, anatsanzika anzake, anagawa mapoto ndi mbaula, n'kubwera kudzadzipereka! Anati, "Mlamu, ndinathawa kamodzi, zakwana. Ndinati ngati n'kundibweza andibweze, bola mwana asadzamve kuti bambo ake anathawa kawiri."

Musaganize kuti asanduka mngelo. Mantha atatha, tiyi atalowa, anayamba kunenerera ngati tili pamsika. Ati lendi yakwera, ati abwana awadula malipiro chifukwa cha tchuthi. Ine ndinati, "Alamu, munthu amene wagawa mapoto ake m'mawa uno asatiuze za kuvutika." Amagalasi anatsokomola kubisa kuseka. Pomaliza anavomera: teremu yoyamba alipira Juni asanathe, kenako mwezi ndi mwezi azitumiza gawo lawo kudzera mwa ine. Anasayina, ndinasayina, Amagalasi anasayina. Nkhani yathera mu ofesimo.

Za chilolezo chawo sizinasinthe, akadali podikira. Amagalasi awalembera dzina la munthu wothandiza pa zimenezo, ati asiye kubisala, azikafunsa. Kuntchito abwerera Lolemba.

Potsika ndinawathandiza kunyamula chisutikesi. Titafika pansi ndinawapatsa chithunzi chija. Nawonso anandipempha pepala, analemba kalata atatsamira pa matiresi a m'sitolo. Ndaiika muno.

Mng'ono wanu, amene lero agona tulo.


23 Meyi

Mayi a mwana,

Ndikupereka moni ngati mungaulandire. Ndilibe mawu okometsera zimene ndinachita. Chaka choyamba ntchito inanditayika, ndinachita manyazi kulemba wopanda kanthu m'manja. Nditapeza ina ndinachita manyazi ndi kuchedwa kwanga. Manyaziwo anakula mpaka anasanduka khoma. Si chifukwa chomveka, koma ndi chimene chilipo.

Mwalera mwana nokha ndipo mwamulera bwino. Wachitatu pa onse! Nzeru zimenezo si zanga. Zimene ndasayina ndichita, malinga ndikadali m'dziko muno ndipo manja akugwira. Akadzandibweza ndidzafuna ntchito kumeneko, ndidzapitiriza.

Ngati mwana angalole, ndikufuna ndimve kuchokera kwa iye. Komanso ngati mumtima mwanu mwatsala kampata kena kalikonse, ine sindinakwatire.

Ndine bambo a mwana.


21 Juni

Mng'ono wanga,

Tili bwino kwabasi, iwe uli bwanji? Ndalama zimene a Mluzu anakupatsira zafika, ndipo Lachitatu ndinakalipira. Malo ndi a Ntchembere! Ndinatuluka pageti la sukuluyo ndi lisiti m'manja ngati ndanyamula khanda. Makina aang'ono sindigulitsa. Masiketi awiri ndadula kale, ndasiya mpendero waukulu chifukwa mwanayu akukula ngati bango.

Nkhani ya chisutikesi ndawerenga kasanu. Nthawi iliyonse ndikafika pa ketulo ndimagwira m'nthiti.

Kalata yawo ndaiona. Uwauze kuti moni ndalandira, ndipo ndathokoza kuti asunga mawu mwezi woyamba. Za kampata, uwauze kuti pamene panali kampata ndinaikapo shelefu ya nsalu, padzaza. Akhale bambo, zimenezo n'zokwanira munthu mmodzi.

Ntchembere ndinamuwerengera mbali yomukhudza. Loweruka anandipempha mapepala, anakhala patebulo kuyambira m'mawa mpaka masana, dzanja lina ataphimba zolembazo. Anamata yekha envulopu. Ndi imene ndaika munoyi. Usatsegule. Ine ndinayesa kuiunika padzuwa, sindinaone kanthu, ndinangomva kulemera.

Mkulu wako.


4 Julayi

Achemwali,

Moni nonse. Envulopu ndinapereka m'manja mwa a Mluzu pa nthawi yopuma masana. Anakaiwerengera m'galimoto, magalasi atatseka. Ndinadikira pamthunzi mpaka kapitawo anandiitana.

Patapita sabata anabweranso pa geti lakuseri, maso ofiira, m'thumba la ovololo muli mapepala opindapinda. Ati, "Mlamu, mwanayu sanandinyoze, sanandipemphe kanthu. Wandilembera mafunso khumi ndi awiri, lililonse ndi nambala yake, ndipo wanena kuti ndisadumphe ngakhale limodzi." Ena akuti ndi osavuta: ndimakhala m'nyumba yotani, ndimadwala chiyani, agogo ake anali munthu wotani. Amenewo anayankha tsiku limodzi.

Ndinati, "Ndiye chatsala n'chiyani?"

Anatambasula pepala n'kundilozera ndi chala chakuda ndi girizi. Funso lachitatu, ndi zilembo zoongoka bwino za Ntchembere: "Pa tsiku langa lobadwa munkakumbukira? Ngati munkakumbukira, munkatani?"

Ati, "Ndalemba kanayi, ndang'amba kanayi. Ndikalemba zoona ndikuoneka woipa, ndikakometsera azindikira."

Ndinati, "Azindikiradi. Lembani zoonazo."

Anandibwereka bolopeni. Ndawauza kuti basi inyamuka Lachisanu 7 koloko m'mawa, ndipo ine sindilandira pepala losamaliza. Muuzeni Ntchembere akhale tcheru, yankho lake likubwera.

Ndine mng'ono wanu.